Kodi Wocita Sewero Ali Wonama?

Pa nyengo ya Krisimasi ana a sukulu amacita sewero, ndipo mnyamata wina abvala nsaru yofiira, natenga ndodo, nakhala Herode. Alankhula mwaukali, nalamulira asirikali ace kuti aphe makanda. Koma sewero litatha palibe mai amene amponya mwala. Onse amtamanda kuti wacita bwino, ndipo ena ampatsa nthoci. Mwanayo ananena mau osacokera m'mtima mwace, anadzicha dzina losakhala lace, anaonetsa mkwiyo umene analibe, komabe palibe amene amuyesa wabodza. Tsono ngati kudzionetsa munthu wina sikuli bodza nthawi zonse, bodzalo liyambira pati?

Funso limeneli analisinkhasinkha Bambo Joseph L. Mankiewicz a ku America, amene analemba ndi kutsogolera kanema wochedwa All About Eve, ndiko kunena kuti Zonse za Eve, amene anaturuka m'caka ca 1950. Nkhani yace icitika mu mzinda wa New York, kumene kuli nyumba zazikuru za masewero pa mseu wa Broadway ndi m'mbali mwace. Kumeneko sewero siliri la Krisimasi lokha ai. Anthu alipira ndalama pakhomo usiku ndi usiku, osewera aima pa nsanja patsogolo pao, ndipo adya za nchito imeneyi monga mlimi adya za khasu lace. Wosewera amene anthu amkonda alemera nachuka. Amene anthu atopa naye aiwalika msanga, ngakhale akali ndi moyo. Kanemayu anachulidwa m'magawo 14 pa mphotho za Oscar, nalandira 6, pamodzi ndi ya kanema woposa onse m'caka cimeneco. Koma cimene anthu akambabe za iye ndico akazi awiri amene aimikidwa m'menemo moyang'anizana, ndi funso lakuti aimira ciani.

Woyamba ndiye Margo Channing, mbali imene anasewera Mai Bette Davis. Margo ndiye mfumukazi ya nsanja, wa zaka 40, wolankhula mokweza, wa lilime lakuthwa, wosuta fodya ndi wokonda zakumwa zaukali. Mwamuna amene amkonda, Bill Sampson, wotsogolera masewero ace, acepa kwa iye ndi zaka 8, ndipo zaka zimenezo zimdya mtima usana ndi usiku. Waciwiri ndiye Eve Harrington, mbali ya Mai Anne Baxter. Iye apezeka ali ciimire m'kanjira ka mdima kuseri kwa nyumba ya masewero, atabvala cikhoti cakale ca mvula ndi cipewa cosaoneka bwino. Amene ampeza ndiye Karen Richards, bwenzi la Margo ndi mkazi wa Lloyd Richards wolemba masewero. Karen anali atamuona pamenepo masiku ambiri, ndipo pakumva kuti mtsikanayo sanaphonye ngakhale usiku umodzi wa sewero la Margo, amtenga namlowetsa m'cipinda cobvalira. M'menemo Eve asimba mbiri yace ndi mau apansi, maso atagwetsa: kuti anabadwira m'banja losauka la alimi ku Wisconsin, kuti analikugwira nchito ya ukalaliki pa kampani yofulula mowa, kuti anakwatiwa ndi mnyamata dzina lace Eddie amene anafera ku nkhondo, ndi kuti pokhala yekha ku San Francisco anaona Margo alikusewera, nayamba kumtsata kufikira ku New York. Onse m'cipindamo angoti zii, ndipo Margo yemwe, wamwano uja, agwidwa ndi cisoni. M'modzi yekha sakhulupirira, ndiye Birdie Coonan, mai wacikulire wotumikira Margo, amene kale analinso wosewera m'masewero a nthabwala. Iye anena moseka kuti nkhaniyo yakoma mopitirira. Margo amdzudzula, Birdie apepesa, ndipo usiku womwewo Eve alowa m'nyumba ya Margo.

Wowerenga ayang'anitsitse nkhope ziwirizo monga ziri m'cipinda cimeneci, pakuti apa ndipo pagona tanthauzo la kanema yense. Margo wangotsika kumene pa nsanja. Wabvula tsitsi lobwereka, wamanga mutu wace ndi kansaru, ndipo nkhope yace yonse yapakidwa mafuta oyera ocotsera utoto. Saoneka bwino konse. Ndiye munthu amene wabvula cigoba cace, ndipo mlendo amuona monga ali, ndi makwinya ace ndi matukwano ace. Eve alibe utoto woti acotse, alibe tsitsi lobwereka, alibe cobvala cokongola. Aoneka ngati munthu wopanda cobisa. Koma cikhoti cija, maso ogwetsa aja ndi Eddie wakufa uja, zonsezo ndizo zobvala zace za sewero. Cotero mkazi wopakapaka ndiye amene waleka kusewera, ndipo wa nkhope yosamba ndiye amene wayamba kumene. Akuru anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Koma mkuyu wa m'kanemayu ngwocenjera koposa, pakuti sudzikometsa, udzionetsa wofota kuti aucitire cifundo.

Masiku otsatawo Eve akhala wanchito wangwiro. Akonza makalata, ayankha lamya, akumbukira ciri conse cimene Margo aiwala. Tsiku la kubadwa kwa Bill, amene panthawiyo anali kutali ku Hollywood kumene akonza akanema, Margo aliiwala. Koma Eve anali atakonza kale kuti lamya ilire pakati pa usiku kuti Margo amfunire zabwino, ndipo iyenso anali atamtumizira Bill uthenga wace wa iye yekha. Usiku wina Margo ampeza pa nsanja, nyumba iri yopanda anthu, atagwira diresi la Margo pacifuwa pace, alikuweramira mipando yopanda kanthu monga munthu amene alikuomberedwa m'manja. Birdie ndiye achula dzina la nthendayo: auza Margo kuti mtsikanayo alikumphunzira monga munthu aphunzira buku, kayendedwe kace, kalankhulidwe kace, ndi kadyedwe kace komwe. Pamenepo nsanje ilowa. Pa phwando lomlandira Bill, Margo aledzera, anyoza alendo ace, nacititsa manyazi Eve pamaso pao. Eve sabwezera, angofunsa modandaula cimene walakwa. Abwenzi a Margo acoka pa phwandolo mitima yao iri ku mbali ya Eve, ndipo woonerera kanema, akafuna kunena zoona, nayenso acita manyazi cifukwa ca Margo.

Anthu ambiri pomasulira akazi awiriwa afulumira kunena kuti Margo aimira cabwino ndi Eve coipa. Ena ati Margo ndiye ukalamba ndi Eve ubwana, ndipo nkhani yonse ndiyo ya tsobola wakale amene sawawanso. Enanso akumbukira kuti Eve ndilo dzina la Cingerezi la Hava, nati mtsikanayo ndiye woyesa. Kumasulira konseku kuli ndi pogwira pace, koma sikufika pa phata. Margo sali woyera mtima: adzikonda, azunza omkonda, asandutsa cakudya ciri conse ca madzulo bwalo lace. Ndipo kufuna kukwera sikuli cimene cimuipitsa Eve, pakuti Margo nayenso anakwera, ndipo anayamba kuima pa nsanja ali ndi zaka 4. Sikungathekenso kunena kuti wina acita sewero, wina sacita. Onse awiri asewera kuyambira m'mawa kufikira usiku. Kusiyana kwao kuli pena.

Kuli pa ici: oonerera a Margo adziwa kuti alikuonerera, oonerera a Eve sadziwa. Munthu wogula tikiti wapangana ndi wosewera pangano losalembedwa, lakuti kwa maora awiri wosewerayo adzakhala munthu wina, ndipo woonerera adzalira ndi kuseka ngati ziri zoona. Cinsaru cocinga nsanja cikatsika, pangano latha, ndipo yense apita kwao ali ndi nzeru zace zonse. Palibe cimene cabedwa. Ngakhale mkwiyo wa Margo wa m'nyumba uli wotere. Apfuula, ataya manja, alankhula monga ali pa nsanja, koma Bill ndi Karen ndi Birdie adziwa kuti ndi Margo alikucita za Margo, ndipo akhoza kumtsutsa, kumseka, kapena kumcokera. Bill amcokeradi tsiku lina atatopa. Sewero la Eve liribe cinsaru, liribe tikiti, liribe nthawi yotha. Amene alikuliona ayesa kuti ali pa moyo weniweni, napereka zinthu zenizeni: malo ogona, nchito, zinsinsi, cikondi. Cisoni cimene Margo amva cifukwa ca Eddie ndico cisoni cobedwa, pakuti Eddie kunalibe. Mwana uja wa Herode sanabe kanthu kwa munthu, cifukwa mudzi wonse unadziwa kuti ndi mwana wa yani.

Bambo Mankiewicz anatsimikiza mfundoyi ndi cinthu cimene ambiri sacizindikira poona koyamba. M'kanema wonena za osewera awiri ochuka, woonerera saonetsedwa sewero lao pamaso pa khamu. Aona Margo alikuwerama sewero litatha, amva kwa ena kuti Eve anacita zodabwitsa, basi. Kusewera kumene maso aona kucitika m'zipinda, m'makonde ndi pa magome a cakudya. Agriki akale, amene osewera ao analikubvala zigoba kumaso, analikucha wosewera hypokrites. Ndipo liu lomweli ndilo liri m'Cigriki ca Mateyu 23, pamene Buku Lopatulika la Cinyanja linena za onyenga. Pa nsanja, pamene onse analikuona cigoba, liulo linali dzina la nchito monga mmisiri kapena msodzi. Linadetsedwa pamene cigoba cinaturuka m'bwalo ndi kulowa pamsika ndi m'nyumba za anthu.

Tsono pali Karen, amene owerenga ambiri adzadziona mwa iye, pakuti ndiye munthu wamba pakati pa akatswiri, wopanda luso lina koma kukoma mtima. Nkwapafupi kunena kuti cifundo cinapha nkhwali, ndi kuti Karen analakwa potsegulira mlendo citseko. Koma kanema samweruza pamenepo. Kulowetsa mtsikana woima pa mdima sikunali kulakwa, ndipo dziko limene anthu aleka kutero cifukwa coopa a Eve lidzakhala lozizira koposa. Kulakwa kwa Karen kudza pambuyo. Poyamba athandiza Eve, Margo osadziwa, kuti alembedwe monga wolowa m'malo mwace tsiku limene Margo angalephere kusewera. Kenaka, atatopa ndi mwano wa bwenzi lace, aganiza zomlanga pang'ono. Ali kunja kwa mzinda kokapuma, acotsa petulo m'galimoto, kuti Margo aphonye sitima ndi sewero la usiku umenewo. Galimoto iima pa mseu m'cisanu. Lloyd apita kukafuna thandizo. Ndipo pomwepo, akazi awiriwo ali okha, Margo acita cimene Karen sanaciyembekeze: apepesa. Aulula mantha ace, kuti sadziwa ngati Bill akonda mkaziyo kapena dzina lolembedwa ndi nyali pa khomo la nyumba ya masewero, ndi kuti iye mwini sadziwa Margo ndani akacotsa dzinalo. Iyi ndiyo nthawi imene Margo alankhula zoona zokhazokha, ndipo azilankhula kwa munthu amene pa ora lomwelo alikumcitira sewero. Karen akhala pambali pace ndi nkhope ya bwenzi losalakwa. Kwa usiku umodzi wasanduka Eve.

Ndipo cinsinsi cimeneco ndico cingwe cimene Eve ammanga naco. Usiku umenewo olemba nyuzi anali ataitanidwa kale kudzaona wolowa m'malo, monga ngati wina anadziwa kuti galimoto idzafa. Pambuyo pace Eve aitanira Karen m'cipinda ca akazi pa nyumba ina yodyeramo. Ayamba ndi misozi, ndipo poona kuti misozi yagwira, aipukuta nanena poyera: Karen auze mwamuna wace kuti mbali ya Cora, ya m'sewero latsopano lolembedwera Margo, ipatsidwe kwa Eve; akapanda kutero, za petulo zidzaturuka m'nyuzi. Pa cifundo ca Karen wonyenga anapezapo khomo cabe. Mphamvu yomlamulira anaipeza pa bodza lace laling'ono.

Pali awiri amene Eve sawanyenga ngakhale tsiku limodzi, ndipo iwonso aimikidwa moyang'anizana. Birdie aona msanga cifukwa iye mwini anali wosewera, ndipo adziwa nkhani yokonzedwa akaimva. Anena cimene waona, osapindulapo kanthu, nadzudzulidwa. Phwando lija litatha saonekanso m'kanema, ndipo palibe amene abwera kudzamuuza kuti mau ace akoma atagonera. Winayo ndiye Addison DeWitt, wolemba za masewero m'nyuzi, amene colembera cace cikhoza kukweza munthu kapena kumkwirira. Mbali imeneyi inapatsa Bambo George Sanders mphotho ya Oscar. Addison amgwira Eve ndi kafunso kamodzi. Amfunsa ngati inali nyumba ya masewero ya Shubert ku San Francisco kumene anaona Margo koyamba, ndipo Eve abvomera. Koma ku San Francisco kunalibe nyumba ya dzina limenelo. Addison sanena kanthu. Afufuza mwakacetecete, nasunga zimene wapeza monga munthu asunga mpeni m'thumba, kwinaku alikumtamanda m'nyuzi ndi kumthandiza kunyoza Margo. Tsiku loturutsa mpeniwo lifika ku New Haven, m'cipinda ca hotela, pamene Eve amuuza monyada kuti adzalanda Lloyd kwa Karen. Addison amwerengera mbiri yace yeniyeni: dzina lace ndi Gertrude, sanakwatiwepo, Eddie kunalibe, ndipo kwao anapatsidwa madola 500 kuti acokeko, cifukwa ca cibwenzi ndi bwana wace wokwatira. Mtengo wa kukhala cete kwace ndi uwu, kuti kuyambira tsiku limenelo Eve ndi wace.

Woonerera akondwa poona Eve alikulira pa kama, koma cikondwerero cimeneco ncoyenera kucikayikira. Addison sananame liu limodzi m'cipindamo, komabe ndiye woopsa koposa onse m'kanemayu. Nchito yace ndiyo kuuza anthu zoona za osewera, koma coonadi ici sacilemba m'nyuzi yace. Acisunga, cifukwa cikaturuka citha mphamvu. Birdie anapereka coonadi kwaulere kuti apulumutse mbuye wace. Addison anacisandutsa goli loika pakhosi pa mnzace. Ndipo kusunga koteroko kuli pafupi ndi bodza koposa m'mene kuonekera, pakuti pa madyerero opereka mphotho kwa Eve, Addison akhala pa gome pakati pa oomba m'manja, adziwa zonse, nalola khamu lonse kulemekeza dzina limene adziwa kuti ndi lopeka.

Koma pali mau amene ayenera kunenedwa m'malo mwa Eve, ndipo wosawamva sanaweruze bwino mlanduwo. Eve analidi ndi luso. Addison, amene sanali wotamanda wamba, anabvomera. Analinso wocokera kutali, wopanda mbale kapena mnansi m'nyumba za masewero, pamene Margo wa zaka 40 analikusewerabe mbali za atsikana cifukwa dzina lace linalikugulitsa matikiti. Akanafika pa khomo lija nanena kuti dzina lace ndi Gertrude, afuna nchito ya mai uyu, ndipo akhoza kuicita, kodi akanamlowetsa? Kapena iai. Citseko cinatsegukira wamasiye wa nkhondo. Sicikanatsegukira mtsikana wa njala ya ulemerero. Apa mlandu ugwera pang'ono ocereza alendowo, amene anakonda mlendo wogwada koposa mlendo woima. Margo anamlandira Eve monga munthu atola kagaru kotayika, ndipo anakondwa kupembedzedwa. Nyambo imene inamkola inali kudzikonda kwace komwe. Komabe izi zicepetsa mlandu cabe, siziufafaniza, pakuti Eve sanaleke pamene citseko cinatseguka. Atapeza nchito anafuna Bill, ndipo Bill atamkana anafuna Lloyd. Ndipo pa zaka zimenezo, nkhondo yaikuru itangotha mu 1945, akazi amasiye a asirikali anali ambiri m'mizinda yonse. Kubwereka maliro a msirikali kuti apeze malo kunali kubera amasiye enieni, ndipo pa ici ngakhale Addison ananyansidwa.

Karen samasulidwa m'cingwe cija ndi nzeru yace kapena kulapa kwace. Abwerera pa gome ali ndi mantha, ndipo asanatsegule pakamwa Margo anena yekha kuti mbali ya Cora saifuna: ndi ya mtsikana, iye wakula, ndipo alikukwatiwa ndi Bill. Karen aseka osaleka, anzace osadziwa cifukwa cace. Pa mfundo iyi oweruza a zaka zapambuyo atsutsana. Ena ati kanemayu alikuphunzitsa kuti mkazi sakwanira popanda mwamuna, ndi kuti Margo agonjetsedwa nabwezedwa ku mafuwa. Ndipo nzoona kuti mau ena a Margo m'galimoto muja anunkha maganizo a nthawi imeneyo. Koma kuyenera kuonedwa cimene Margo akana: akana kusewera mbali zimene wazipitirira msinkhu. Bodza limodzi limene analikukhalamo losapangana ndi munthu linali lakuti akali mtsikana, ndipo wonamizidwa anali iye mwini. Atalileka, cida ca Eve cigwa pansi cokha, popeza cimene anafuna kulanda ndi ciopsezo capatsidwa kale mwaufulu. Mai Bette Davis anaidziwa bwino nkhawa imeneyi. Anali ndi zaka 42, ambiri analikunena kuti nthawi yao yatha, ndipo mbaliyo anaipeza cifukwa Mai Claudette Colbert, amene anasankhidwa poyamba, anabvulala msana. Iwo ndi Mai Baxter anachulidwa onse awiri pa mphotho imodzi ya Oscar, ndipo inapita kwa wina, Mai Judy Holliday.

Nkhaniyi sinangopekedwa m'mutu. Inacokera pa kankhani ka Mai Mary Orr kochedwa The Wisdom of Eve, kamene kanasindikizidwa m'magazini ya Cosmopolitan m'caka ca 1946. Ndipo iwo anatenga mutu wace pa zimene anamva kwa wosewera wochuka Mai Elisabeth Bergner, amene analandiradi mtsikana woima pa khomo la nyumba ya masewero ku New York nampatsa nchito, nadandaula pambuyo pace. M'kankhani ka Mai Orr mtsikanayo salangidwa konse. Apita ku Hollywood atalanda mwamuna wa mwini. Bambo Mankiewicz anaonjezera cilango, koma cosafanana ndi ca bwalo la milandu.

Eve alandira mphotho yace, ya dzina la Sarah Siddons, wosewera wa ku Britain amene anamwalira m'caka ca 1831. Mphothoyo inali yopeka, ngakhale kuti m'caka ca 1952 anthu okonda masewero ku Chicago anayambitsa yeniyeni ya dzina lomwelo. Eve athokoza Margo, Karen, Bill ndi Lloyd ndi mau ofatsa aja, iwo ali duu pa mipando yao. Ndipo Margo pomlonjera amuuza kuti kafano ka mphothoyo akhoza kukaika pamene panayenera kukhala mtima. Eve akana kupita ku phwando lomkonzera. Abwerera kunyumba wotopa, naiwala mphothoyo m'takisi. Tsopano abvala zonyezimira, amwa, alankhula mwaukali. Wafanana ndi Margo m'zonse kupatula abwenzi. M'nyumba mwace apeza mtsikana wa sukulu wa ku Brooklyn ali m'tulo pa mpando, amene analowa mozemba, nati ndiye mtsogoleri wa kabungwe ka atsikana omkonda. Eve amlola kukhala. Addison agogoda, wabweretsa mphotho. Mtsikanayo ailandira pakhomo, namuuza kuti adzicha yekha Phoebe. Eve pofunsa ali cigonere kuti anagogoda ndani, Phoebe ayankha kuti anali woyendetsa takisi, ndipo Eve, mwini luso limenelo, salizindikira bodzalo. Pamenepo Phoebe alowa m'cipinda cogona, abvala mwinjiro wa Eve, agwira mphotho pacifuwa, naima pakati pa akalirole atatu; awerama, ndipo m'akalirolemo muoneka atsikana osawerengeka, onse a nkhope imodzi, onse alikuwerama.

M'caka ca 1970 nkhaniyi inasandutsidwa sewero la nyimbo ku Broadway, lochedwa Applause, ndipo Mai Lauren Bacall anasewera Margo. Iwo atacoka m'caka ca 1971, amene analowa m'malo mwao anali Mai Anne Baxter, Eve wa mu 1950, ali ndi zaka 48. Usiku ndi usiku analikuima pa nsanja monga mkazi wokula amene mtsikana alikumphunzira kayendedwe, ndipo anthu analikugula matikiti pakhomo akudziwa bwino lomwe amene alikupita kukamuona.